Kabuku ka mawu a mtima: mmene ntchito yomasulira kuchokera m'Chirasha ikuyendera

Sabata yoyamba, Lolemba

Ndayamba lero. Kuno ku Kazan, mzinda wa ku Russia, chipale chagwa usiku wonse, kunja sikukuyendeka, ndiye ndakhala pansi ndi kompyuta, kapu ya tiyi pambali, n'kutsegula tebulo la magawo anayi: mawu a Chirasha, chidule chake, mawu a Chingerezi, ndi ndemanga. Ndikufuna kusonkhanitsa mawu onse amene madokotala a ku Russia amagwiritsa ntchito akamanena za matenda a njira ya magetsi mumtima, ndipo liwu lililonse ndilipezere linzake limene dokotala wa ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku London angalimve osakanda mutu.

Wandikankhira ku ntchitoyi ndi mnyamata wina wa kwathu amene akumaliza maphunziro a udokotala chaka chino. Zaka 6 waphunzira m'Chirasha, ndipo ECG, pepala la mizere yoonetsa magetsi a mtima, amawerenga bwino ndithu. Koma akabwerera kwathu mayeso adzalemba m'Chingerezi, mafayilo a odwala adzakhala a Chingerezi, ndipo pa wodi palibe amene adzamve akadzati "blokada nozhki". Tsiku lina tikudya nsima yathu ya kuno, yophika ndi ufa wa tirigu umene kuno amati manka, anandifunsa kuti, "Achimwene, sindrom Frederika m'Chingerezi amati chiyani?" Ndinayankha mosaganiza kuti Frederick syndrome. Nditafika kunyumba ndinasanthula mabuku anga a Chingerezi, dzinalo osalipeza. Ndinamusokeretsa mwana wa eni, ndipo zinandidya mumtima usiku wonse.

Kwa amene si achipatala, nkhani yake ili motere. Mtima uli ndi zipinda 4, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Kamphamvu ka magetsi kamayambira pa kamfundo kena m'chipinda cham'mwamba chakumanja, kamatsikira pa mfundo yachiwiri imene ili pamalire a zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, kamaima pamenepo pang'ono, kenako kamalowa m'chingwe chimene chimagawikana pawiri kupita kumanja ndi kumanzere. Matenda amene ndikulimbana nawo ndi a pamene uthengawu ukuchedwa panjira, kapena sukufika n'komwe.

Kuti ndisasochere, mafupa a ntchitoyi ndatenga ku mndandanda wa matenda wa World Health Organization, ICD-10, umene kuno amautcha MKB-10. Manambala ake sasintha ndi chilankhulo. I44.0, I44.1 ndi I44.2 ndi magawo atatu a kutsekeka kwa mfundo yachiwiri ija, manambala otsala a I44 pamodzi ndi I45 ndi matenda ena a njirayi, ndipo ndawonjezapo I49.5, ya kufooka kwa mfundo yoyamba. Chikalata chotulutsira wodwala m'chipatala, chimene kuno amati "vypisnoy epikriz", kawirikawiri chimakhala ndi nambalayi pamwamba. Mawu akandizunguza, ndiziyamba ndaona nambala.

Sabata yoyamba, Lachinayi

Masiku atatu athera pa mayina a ziwalo, pomwe ndinkayesa ndimaliza tsiku limodzi.

Mfundo ziwiri zija sizinavute. Mabuku a Chirasha amakondabe kuzitchula ndi mayina a amene anazitulukira. "Uzel Kisa–Flaka" ndi ya Arthur Keith ndi Martin Flack, amene anaifotokoza mu 1907. "Uzel Ashoffa–Tavary" ndi ya Ludwig Aschoff ndi Sunao Tawara wa ku Japan, amene anagwira ntchito limodzi ku Marburg, zotsatira zake n'kutuluka mu 1906. Wa Chingerezi masiku ano amangoti sinus node ndi AV node, basi. Ndalemba choncho.

Chingwe ndiye chinandigwira. Dzina la Wilhelm His, amene anachifotokoza mu 1893, Arasha amalilemba kuti Gis, chifukwa H wachilendo amakonda kumusandutsa G. Chinthu chikakhala "cha Gis" amawonjezera a kumapeto, ndiye pamatuluka "puchok Gisa". Wosadziwa amaganiza kuti kunali dokotala wina dzina lake Gisa. Komanso "puchok" ndi liwu la kamtolo, monga kamtolo ka masamba kamene agogo amagulitsa pamsika, ndipo ndi lomwelonso la cheza cha kuwala. Ndinaika mawuwa m'makina omasulira a pa intaneti kuti ndione, anandibwezera "Gis beam". Ine ndalemba bundle of His, ndi chenjezo loti H akhale wamkulu nthawi zonse.

Msampha weniweni uli m'munsi mwake. Chingwe chikagawikana pawiri, Arasha amati zigawozo ndi "nozhki", timiyendo, liwu lomwe amatchulira mwendo wa mpando kapena tsinde la bowa. Angerezi amati bundle branches, kutanthauza nthambi. Kamwendo kakumanzere kamagawikananso, ndipo apa m'pamene Arasha amati "vetvi", nthambi, pomwe Angerezi afika kale pa fascicles. Ndiye liwu loti nthambi lilipo mbali zonse ziwiri, koma sililoza malo amodzi. Nthambi ya Mrasha ili sitepe imodzi pansi pa ya Mngerezi. Womasulira akaona "blokada peredney vetvi levoy nozhki puchka Gisa" n'kufupikitsa kuti left branch block, dokotala wowerenga amva left bundle branch block. Ziwirizi sizilemera chimodzimodzi. Yoyamba, imene dzina lake lenileni ndi left anterior fascicular block, imapezeka kawirikawiri kwa achikulire, QRS, chizindikiro cha pa ECG cha uthenga ukamadutsa m'zipinda zam'munsi, siifika mamilisekondi 120, ndipo payokha nthawi zambiri sichititsa mantha. Yachiwiri ikaoneka mwatsopano kwa munthu amene akumva kupweteka pachifuwa, pa wodi anthu amathamanga. Mzere umenewu ndaupaka utoto wofiira.

Zidule nazo n'zoopsa. Chilembo П, amene ndi P wawo, chimaimira zinthu zinayi m'banja limodzi lomweli: "pravaya" ndi kumanja, "polnaya" ndi kutsekeka kotheratu, "perednyaya" ndi chakutsogolo, ndiye palinso "puchok". БПНПГ ndi right bundle branch block. БЛНПГ ndi left bundle branch block. Yang'anitsitsani П ndi Л: kusiyana kwake ndi kamchira kamodzi, ndipo kamchira kameneko ndi kamene kakusiyanitsa kumanja ndi kumanzere kwa mtima wa munthu. Pa pepala lolembedwa pamanja ndi dokotala amene wagwira ntchito usiku wonse, kamchirako sikaoneka. Lamulo limene ndadziikira ndi loti chidule chotere ndisachimasulire ndisanawerenge mawu ofotokoza ECG amene ali pansi pake.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Kutsekeka kwa mfundo yachiwiri, "AV-blokada". Ndinalowa ndi mtima wopepuka chifukwa magawo atatu amagwirizana mbali zonse: "pervoy stepeni" ndi first-degree, "vtoroy stepeni" ndi second-degree, "tretyey stepeni" ndi third-degree. Gawo loyamba uthenga umangochedwa koma umafika. Lachitatu sufika konse. Lachiwiri ndi limene landisunga masiku awiri.

Pali mtundu wina umene uthenga umachedwa pang'ono, kugunda kotsatira n'kuchedwa kuposa pamenepo, mpaka kugunda kumodzi kumagweratu, kenako zimayambiranso. Angerezi amati Wenckebach kapena Mobitz type I. Karel Wenckebach wa ku Netherlands anazifotokoza mu 1899, makina a ECG asanafike m'zipatala, pongoyang'ana mizere ya kugunda kwa mtsempha. Kuno satchula Wenckebach yekha. Amati "periodika Samoylova–Venkebakha", dzina la Samoilov patsogolo.

Alexander Samoilov ndi munthu wa mzinda uno. Anabadwa mu 1867, anagwirapo ntchito ndi akatswiri otchuka a ku Russia, Pavlov komanso Sechenov, anabwera kudzaphunzitsa pa yunivesite ya Kazan mu 1903 ndipo anakhala pa mpandowo mpaka imfa yake mu 1930. Anali bwenzi la Willem Einthoven, mwini wake wa makina a ECG, ndipo ndi mmodzi mwa amene anayambitsa ntchito ya ECG ku Russia. Koma dokotala wa ku Manchester ukamulembera Samoilov–Wenckebach periods, ayamba kuganiza kuti ndi nthenda ina imene sanaiphunzire.

Dzulo ndinaonetsa tebulo langa kwa mayi wina wachikulire, katswiri wa mtima amene anandiphunzitsa kuwerenga ECG zaka zapitazo. Anavala magalasi, chala chikutsika mzere ndi mzere, n'kuima. "Kollega, nanga Samoilov mwamusiya kuti?" Ndinawatchula dzina lawo ndi la bambo awo, monga ulili mwambo wa kuno, n'kuwauza kuti wowerenga kutsidyako akufuna adziwe msanga ngati wodwala agonekedwe kapena apite kwawo, ndipo dzina lachilendo limuchedwetsa. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Chabwino. Koma mumulembe penapake, ana adziwe." Ndamulemba m'gawo la ndemanga, ndi zaka zake zomwe. Ndikuvomereza kuti sizinandikomere kumuchotsa m'gawo la Chingerezi, ine amene ndimayenda m'misewu imene iye ankayendamo. Komabe ndikuona kuti ndachita zoyenera.

Chodabwitsa n'choti Woldemar Mobitz, amene dzina lake Angerezi amalisunga, anabadwira ku St Petersburg mu 1889, ngakhale kuti ntchito yake anagwirira ku Germany. Iye ndi amene anagawa mitundu iwiri mu 1924. Kugawaku si nkhani ya mayina chabe. Mtundu woyamba umapezeka ngakhale kwa othamanga amphamvu ali m'tulo, ndipo kawirikawiri sufuna kanthu. Wachiwiri, umene kugunda kumagwa mwadzidzidzi popanda chenjezo, ungasanduke kutsekeka kotheratu, ndipo munthu wotere amaganiziridwa zomuika pacemaker, kamakina kothandiza mtima kugunda.

Mabuku ena a Chirasha amawonjezera mtundu wachitatu wa gawo lachiwiri lomweli, umene amautchanso "vysokoy stepeni" kapena "daleko zashedshaya", kutanthauza kuti zafika patali. Mobitz type III m'Chingerezi kulibe, ndipo wowerenga mothamanga akaona III aganiza kuti ndi third-degree. Ndalemba high-grade AV block.

Mawu akale oti "polnaya poperechnaya blokada" ndimawakonda, chifukwa amajambula chithunzi: mtima wadulidwa chopingasa, zipinda zam'mwamba zikugunda zokha, zam'munsi zokha. Koma transverse block palibe amene amanena. Ndi complete heart block.

Sabata yachiwiri, Loweruka

Lero ndalakwitsa, ndipo cholakwacho chasintha mmene ntchito yonse iyendere.

Ndinatenga chikalata chimodzi chophunzirira, chofufutidwa dzina ndi zonse zozindikiritsa mwini wake, n'kuchimasulira chonse pogwiritsa ntchito tebulo langa. Ndinajambula ndi foni kapepala ka ECG kamene kanamatidwa kumbuyo, kopindika katatu, inki itayamba kuzilala, n'kutumiza zonse kwa mnzanga amene amagwira ntchito pa chipatala china kwathu kuti aone ngati zikumveka. Posakhalitsa foni inalira. "Akulu, munthu ameneyu ali kuti panopa? Mtima ukugunda ka 35 pa mphindi, QRS yatambasuka, ndiye inu mwalemba kuti zili bwinobwino?"

Mtima wa munthuyo unkagunda ka 70. QRS inali yabwino. Vuto linali pepala. Kwathu, monganso ku Britain ndi ku America, pepala la ECG limayenda mamilimita 25 pa sekondi, ndipo kabokosi kakang'ono kamodzi ndi masekondi 0.04. Kuno zipatala zambiri zinazolowera mamilimita 50 pa sekondi, kabokosi kamodzi n'kukhala masekondi 0.02. Chilichonse chimaoneka chotalika kawiri. Mnzangayo anawerenga mabokosi aakulu pakati pa kugunda kuwiri, anagawa 300 monga anaphunzirira, n'kupeza theka la liwiro lenileni. Pa pepala la kuno umagawa 600. QRS ya mamilisekondi 80 imatenga timabokosi 4, ndipo iye anaiona ngati 160, kutanthauza kutsekeka kwa kamwendo kumene kulibe. Liwiro la pepala linalembedwa pakona m'zilembo zing'onozing'ono za Chirasha, ndipo ine sindinaganize zolimasulira chifukwa maso anga anazolowera.

Mawu onse ndinamasulira molondola, koma munthu wathanzi anaoneka ngati wofunika pacemaker usiku womwewo. Ndawonjezera tsamba patsogolo pa kabuku, ndipo chiganizo choyamba ndi cha liwiro la pepala.

Pa tsamba lomwelo ndaikaponso zinthu zina ziwiri. Mpata wa nthawi imene uthenga umatenga kuchoka m'zipinda zam'mwamba kufika m'zam'munsi, umene Angerezi amati PR interval, kuno amati "interval PQ", ndipo ndi chinthu chimodzi, malire ake ndi mamilisekondi 120 mpaka 200. Komanso Arasha amalemba m'masekondi ndi mpatuliro m'malo mwa kadontho, monga 0,22. Ndizisandutsa kukhala 220 ms, kuti mpatulirowo usasokoneze munthu.

Sabata yachitatu, Lachitatu

Ndabwerera ku funso lija la pa nsima.

"Sindrom Frederika" ndi pamene zipinda zam'mwamba zikunjenjemera chisawawa, atrial fibrillation, ndipo pa nthawi yomweyo njira yotsikira m'munsi yatsekeka kotheratu. Dzinali ndi la Léon Fredericq wa ku Liège ku Belgium, amene anazionetsa mu 1904 poyesa pa mitima ya nyama. Wophunzira aliyense wa kuno amalidziwa dzinali. Kwa wa Chingerezi ndi lachilendo, ndipo likhoza kumukokera kwina: pali Fridericia wa ku Denmark amene ali ndi masamu owongolera QT, mpata wina wa pa ECG, palinso Friedreich wa nthenda ya mitsempha ya ubongo ndi msana. Ndalemba mawu onse osafupikitsa, atrial fibrillation with complete heart block.

Chimene chimandichititsa kulimbikira pa liwuli ndi mmene nthendayi imanyengera. Gogo amene mtima wake wakhala ukugunda mosalongosoka kwa zaka, tsiku lina umayamba kugunda molongosoka, pang'onopang'ono. Wogwira dzanja angasangalale kuti zachira. Zoona zake n'zoti zipinda zam'munsi zasiyidwa zokha, ndipo chimodzi mwa zimene zimachititsa ndi kuchuluka kwa mankhwala a digoxin m'thupi. Arasha anachita bwino kuipatsa dzina lakelake, chifukwa dzina limakumbutsa. Ndamuuza mnyamata uja kuti dzinali alisunge m'mutu, koma pa fayilo alembe mawu aataliwo.

Kenako МЭС, chidule cha mayina atatu: Morgagni, Adams ndi Stokes. Ndi kukomoka kwadzidzidzi kumene kumabwera mtima ukaima kwa masekondi angapo: munthu amagwa ngati mtengo, nkhope imayera, nthawi zina amaphupha, ndipo akatsitsimuka nkhope imafiira. Angerezi amati Stokes–Adams attack, pokumbukira madokotala awiri a ku Dublin, Robert Adams amene analemba mu 1827 ndi William Stokes mu 1846. Arasha amaika patsogolo Giovanni Morgagni wa ku Padua, amene anazifotokoza kale mu 1761, ndipo pamenepa ine ndili kumbali yawo. Nanga Э wapakatiyo wachokera kuti, poti Adams amayamba ndi A? Kale dzinali ankalilemba kuti Edems, potsata mmene ankalimvera. Ndiye m'zikalata mupeza МЭС ndi МАС, zonse chinthu chimodzi.

Choonjezera apo, МЭС pa mapepala a chipatala imaimiranso "mediko-ekonomicheskiy standart", nkhani ya muyezo wa chithandizo ndi ndalama zake. Ikakhala pakona pafupi ndi manambala, ndi ya ku ofesi. Ikakhala m'chiganizo monga "pristupy MES otritsayet", ikunena kuti wodwala akuti sanakomokepo. Palinso "ekvivalenty MES", amene ndi chizungulire ndi mdima m'maso popanda kugwa. Pamenepo ndalemba presyncope.

Sabata yachitatu, Lachisanu

Liwu ili silili m'malire amene ndinadziikira, koma sindingalisiye, chifukwa limayenda limodzi ndi onse enawa. "Mertsatelnaya aritmiya". Analiyambitsa ndi Georgy Lang wa ku Leningrad, kuchokera ku mneni wotanthauza kuthwanima, monga nyenyezi kapena kandulo ikamaphethira. Tsoka lake n'loti liwu lomwelo amatchulira khungu la m'njira ya mpweya limene lili ndi tiubweya togwedezeka, ndiye makina ndi omasulira osadziwa zachipatala amatulutsa ciliary arrhythmia, nthenda imene kulibe pa dziko lonse. Ndaziona ndi maso anga m'zolemba zosindikizidwa. Ndi atrial fibrillation. Koma madokotala akale ankaphatikizamo ndi "trepetaniye", atrial flutter, ndipo nambala I48 imanyamula zonse ziwiri, ndiye apa nambala siithandiza. Uyenera kutsika kukawerenga zimene alemba za mafunde a pa ECG.

Ndaponyamonso "piruet", chifukwa ndi yosavuta: torsades de pointes, mtundu wina wa kuthamanga koopsa kwa mtima. Angerezi anangobwereka Chifalansa, Arasha anatenga liwu la kuzungulira kwa ovina.

Sabata yachinayi, Lolemba

Mfundo yoyamba ija ikafooka, Arasha amati "sindrom slabosti sinusovogo uzla", СССУ, kufooka kwa mfundo. Angerezi amati ikudwala, sick sinus syndrome, mawu amene Bernard Lown anagwiritsa ntchito mu 1967, ndipo malangizo atsopano amakonda sinus node dysfunction. Weakness ndakana. Ndalembanso chenjezo loti madokotala a kuno amasiyanitsa СССУ, pamene mfundoyo yawonongekadi, ndi "vegetativnaya disfunktsiya", pamene mfundo ili bwino koma mitsempha ikuipondereza, monga zimachitikira kwa achinyamata. Ukazisakaniza, mnyamata wa zaka 20 umupatsa nthenda ya agogo ake.

Mtundu umene mtima umathamanga kenako n'kuzilala, kuno ena amautcha "sindrom Shorta", pokumbukira dokotala wa ku Britain, D. S. Short, amene anaufotokoza mu 1954. Kwawo komweko dzinali silimveka, ndipo Short syndrome ingawerengedwe ngati short QT. Ndi tachy-brady syndrome.

Tsiku lonse latha pa "voditel ritma". Mawuwa akutanthauza woyendetsa kugunda, ndipo nthawi zambiri amanena mfundo yachilengedwe ya mumtima. Kamakina koikidwa pansi pa khungu pachifuwa amakatcha ЭКС, "elektrokardiostimulyator". Chingerezi chili ndi liwu limodzi pa zonse ziwiri, pacemaker. Tsono taonani chiganizo ichi, chimene chimapezeka kwambiri pa ECG za ana ndi achinyamata athanzi: "migratsiya voditelya ritma po predserdiyam". Chikungonena kuti malo oyambira uthenga akusinthasintha m'zipinda zam'mwamba, ndipo nthawi zambiri si vuto. Womasulira liwu ndi liwu alemba pacemaker migration. Dokotala wowerenga amva kuti kamakina kasuntha pamalo pake, ayamba kufunafuna chipsera pachifuwa cha mwana amene sanachitidwepo opaleshoni, mwinanso kuitanitsa X-ray, makolo ali kunja mitima ili m'mwamba. Mawu olondola ndi wandering atrial pacemaker, ndipo atrial asachoke. Uwu ndi mzere wachiwiri umene ndaupaka zofiira.

ЭКС nayo isasokonezedwe ndi ЭС, chidule cha "ekstrasistoliya", kugunda kobwera nthawi isanakwane. Kusiyana ndi chilembo chimodzi.

Za njira zachidule zimene uthenga umadutsamo msanga ndapita mofulumira. WPW, ya Wolff, Parkinson ndi White ya mu 1930, madokotala a kuno amangoilemba m'zilembo zathu zomwezi. Chofunika kusamala ndi "fenomen WPW", pamene chizindikiro chili pa ECG koma munthu sakudwala. M'Chingerezi ndi WPW pattern, osati phenomenon, ndiponso osati syndrome. Mpata wa PQ ukakhala waufupi QRS ili bwino, kuno amati "sindrom CLC", potsata Clerc, Lévy ndi Cristesco a mu 1938, pomwe Angerezi amati Lown–Ganong–Levine, a mu 1952. Ngati wodwala sanadwalepo kuthamanga kwa mtima, ndimangolemba short PR interval.

Sabata yachinayi, Loweruka

Tebulo lafika mizere 118. Yofiira ilipo 9.

Mnyamata uja anabwera madzulo ndi laputopu yake. Ndinamupatsa zikalata zitatu zophunzirira kuti amasulire yekha ndi kabukuka, ine ndili phee pambali. Ziwiri anadutsa bwino. Pa chachitatu anaima pa "vyskalzyvayushchiy ritm", n'kundiyang'ana. "Achimwene, limeneli mulibe." Zoonadi munalibe. Liwulo limatanthauza kupulumuka moterereka, ngati nsomba m'manja, ndipo ndi kugunda kumene zigawo zam'munsi zimayambitsa zokha zikaona kuti uthenga wa kumwamba sukubwera. Ena amati "zameshchayushchiy", wolowa m'malo. Zonse ndi escape rhythm. Tawonjezera limodzi, iye akulemba Chirasha, ine Chingerezi. Atafika pa ndemanga ya Samoilov anawerenga mpaka kumapeto, n'kunena kuti sankadziwa kuti munthuyo anali wa ku Kazan konkuno.

Zatsala ziwiri zimene sindinagamule. Choyamba ndi "dvukhpuchkovaya" ndi "tryokhpuchkovaya blokada", kutsekeka kwa zigawo ziwiri kapena zitatu za chingwe chija. Bifascicular ndi trifascicular alipo m'Chingerezi ndipo madokotala amawanena tsiku ndi tsiku, koma malangizo a American Heart Association ndi mabungwe anzake a mu 2009 anati ndi bwino kutchula chilichonse chotsekeka pachokha, chifukwa mawuwa anthu amawamva mosiyana. Mtima wanga ukutsamira kotsata malangizowo: ndilembe right bundle branch block with left anterior fascicular block, ngakhale kuti ndi zazitali. Chachiwiri ndi "vnutripredserdnaya blokada", kuchedwa kwa uthenga m'zipinda zam'mwamba, kumene ndiyenera kusankha pakati pa intra-atrial ndi interatrial malinga ndi zimene wolembayo anaona pa funde la P, chizindikiro cha zipinda zam'mwamba pa ECG. Mayi aja, katswiri wa mtima, alonjeza kundibweretsera ma ECG akale a m'kabati mwawo Lachiwiri kuti tikaone limodzi, ndipo ndawapempha kuti asankhe amene liwiro la pepala likuoneka pakona.